Tsiku Lomwe Agogo Anafula Uchi Osauza Munthu

Pali chinthu chimene ndimachita chomwe ngakhale bambo a Takondwa sakuchidziwa. Mwana wanga akagona masana n'kukhala nthawi yaitali osatembenuka, ndimasiya zochapa m'beseni, kulowa kuchipinda, n'kumutsina pang'ono kuphazi kuti alire. Akalira ndimamunyamula, kumuyamwitsa, kumutonthoza ngati wamuputa ndi wina. Sanakwanitse n'chaka chomwe. Anzanga a pa lendi pano pa Njewa amamuyamikira kuti ndi mwana wofatsa, ati ndinachita mwayi, koma ine mawu amenewo amandiopsa. Kusukulu ndinapitako ine, satifiketi yanga ili pakhoma apo, ndipo ndikudziwa bwino lomwe kuti mwana amakula ndi tulo. Koma dzanja limangopita lokha.

Chiyambi chake ndi agogo anga aamuna, a Mbewe, kumudzi kwathu kuseri kwa Nsaru. Ndikati ndiwakumbukire, nkhope imachedwa kubwera. Chimayamba ndi fungo, utsi wa ndowe zouma za ng'ombe wosakanikira ndi phula ndi ubweya wa nkhosa wonyowa mame, zonse zitamwerera mu jekete lakuda limene ankavala kaya ndi chisanu cha mu Juni kaya ndi dzuwa la mu Okutobala. Anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, ndipo agogo aakazi atamwalira palibe anaganiza zowabweza kwawo, mwina chifukwa anthu ankaiwala kuti alipo. Sanali munthu wa zoyankhula. Pamaliro ankakhala kumapeto, pamowa sankafikapo. Anzawo onse ankaweta mbuzi, iwo okha nkhosa za michira yonona, ndipo m'mitengo ya m'mphepete mwa dambo anapachikamo ming'oma ya njuchi.

Chaka chathu chinkayenda ndi ziwetozo. Mvula ikagwa, chimanga ndi fodya zili m'munda, nkhosa zinkakhala pa zingwe, iliyonse ndi chikhomo chake, ndipo dzuwa likakwera tinkazisuntha kuti zipeze msipu wina. Tikakolola ankazimasula, n'kumayenda m'mapesi mitu ili pansi, zitandondozana ngati amayi a kumpingo opita kukaona wodwala. Nthawi ya chisanu zambiri zinkaswa, ndipo m'mawa agogo ankatuluka m'khola ali ndi kamwana konyowa m'jekete, kakunjenjemera, kupita nako pafupi ndi moto. Chikondwerero cha Asilamu cha Idi chikayandikira, kaya chagwa mwezi uti, ankabwera a Jafali a golosale ya pa Nsaru kudzapapasa michira ya nkhosa zamphongo n'kumadandaula kuti zawonda, agogo ali chete, mpaka a Jafaliwo kutopa okha n'kumanga imodzi panjinga. Uchi ankafula kawiri, m'chisanu ndiponso mvula ikakhazikika cha ku Khirisimasi.

Munthu amene ankacheza naye ndinali ine ndekha, mwina poti ndinali mdzukulu woyamba wamkazi.

"Mkazi wanga, wadya wekha lero? Mwamuna wako afe ndi njala?"

"Angakuphikireni ndani inu? Mumanunkha nkhosa."

"Ndikusiya ndithu. Ndikakwatira kwa a Jafali, kuli shuga."

Ankanena osamwetulira, ndevu zokha n'zimene zinkagwedezeka.

Chaka china, chizimalupsa chitagwa ndipo dambo lopsa litaphuka msipu wanthete, ndinathamangira kukhola la a Naphiri, aneba athu, chifukwa mbuzi yawo inkalira ngati aiika mpeni pakhosi. Ndinapeza yangokola mwendo pa chingwe. Pobwerera ndinaona agogo ali kuseri kwa khola lathu, atapana nkhosa yaikazi ndi mawondo, akuimwetsa mafuta ophikira ndi botolo. Mimba yake inali itafufuma kumanzere, ataigogoda ndi chala inkamveka ngati ng'oma, koma nkhosayo inangoti duu, maso ali tong'o, osatulutsa liwu. Ndinali nditaidutsa m'mawa womwewo osaona kanthu.

"Unali kuti?"

"Mbuzi ya a Naphiri imalira."

"Mbuzi imalira ngakhale yangoteredwa ndi ntchentche. Nkhosa siinena. Galu aigwire, njoka iilume, imangokhala chete mpaka kufa. Ndiye iwe usamadikire kumva. Imene yakhala chete, pita ukaiyang'ane kumaso."

Nkhosayo inageya, mimba inaphwa, inachira. Kuyambira tsiku limenelo tinkaitchula kuti Nabotolo.

Za uchi agogo anali ndi lamulo lawolawo: tsiku lofula sankauza munthu. Ankati ukangotchula, mudzi wonse umagwidwa ndi chifuwa, uyu watulukira ndi kapu, uyo ndi kambale, ati mwana watsokomola mpaka kucha. Choncho ankadzuka kusanayere bwino, kutenga ndowa, chingwe ndi muuni wa udzu wokhala ndi ndowe m'kati, n'kubwerera anthu asanasukusule. Akatero ankadzitsekera m'nyumba kukafinya zisa. Nkhosa tsiku lotero ankakamangirira okha, kumtunda, kutali ndi mitengo, osanena chifukwa chake. Chodzitetezera sankavala. Njuchi zikawaluma ankangochotsa mbola ndi chikhadabo ngati akuchotsa chisoso pa buluku, ndipo aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti a Mbewe njuchi zinawazolowera, ululu wake sulowa m'magazi mwawo.

Tsiku limene ndikunenali linali la mu Disembala, sukulu titatsekera. Ndinali mu Sitandade 3. Bambo anali kuntchito ku esiteti ku Kasungu, amayi ndi amalume Lufeyo, mlongo wawo wamng'ono, ankapita kopalira chimanga, ndipo ine ndinali mlezi wa mlongo wanga Yosefe, amene anali asanayambe kuyenda. Amalume podutsa pa nyumba ya agogo anaona chitseko chotseka, nkhosa zikadali m'khola, n'kuganiza kuti nkhalamba yagonereza, aithandize. Anakazimangirira m'malo a masiku onse. Nabotolo, poti anali ndi bere, anamuika pamthunzi wa mkuyu waukulu wa kudambo. Mumkuyumo munali mng'oma umene unakhalamo zaka, nkhosa zikugona pansi pake popanda vuto. Amalume sanadziwe kuti agogo anali atafulamo m'mawa womwewo. Njuchi zinali zikadali zoledzera ndi utsi ndi kuzizira kwa m'mawa. Dzuwa likatentha ndi pamene zimatsitsimuka n'kuyamba kufunafuna amene waziba.

Dzuwa litakwera ndinabereka Yosefe n'kutsika kukasuntha zikhomo monga anandiuzira amayi. Kunkatentha kwa mvula, mitambo itaunjikana cha ku Mchinji, thukuta la mwana ndi langa zikusakanikirana pamsana. Nkhosa zina ndinazipeza zitakoka zingwe mpaka kumapeto, zonse zitayang'ana mbali imodzi. Kumkuyu kunali zii. Ndinakumbukira mawu a agogo aja, ndipo ndinapita kukayang'ana.

Poyamba ndinayesa kuti wina wamufunditsa Nabotolo chiguduli kumutu. Anali atagona chammbali, chingwe chitazungulira chikhomo mpaka kufupika, dothi litakumbikakumbika ndi ziboda. Kenako chigudulicho chinayenda. Zinali njuchi, m'maso, m'makutu, m'mphuno, ndipo mwendo umodzi wakumbuyo unkapalasabe pang'onopang'ono. Sanalire ngakhale kamodzi. Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi thiransifoma ya magetsi n'kumva kulira kwake kuja, ndimadutsapo mofulumira, chifukwa ndi phokoso lomwelo limene linatsika mumtengo kubwera pa ine.

Yoyamba inandiluma pachikope. Ndinathamanga, koma m'matope a dambo ndi mwana kumbuyo suthamanga, ndipo Yosefe anayamba kukuwa, kukuwa kwenikweni kong'amba m'makutu. Ndinagwa chogwada. Ndinkazimva m'tsitsi, m'khosi, m'kati mwa diresi. Agogo sindinawaone akubwera. Anali atatuluka m'nyumba, kupeza khola lili pululu, n'kudziwa nthawi yomweyo. Ndinangomva fungo la jekete lija litandiphimba kumutu, kenako dzanja linatikankhira pansi tonse awiri. Anatikulunga bwinobwino, mwana ndi ine, n'kugwada pamwamba pathu ndi manja ndi mawondo, iwo atatsala ndi kamalaya kong'ambika kumsana.

"Usadzuke. Usakupize manja."

Ananena zokhazo. Mumdima wa jeketemo ndinkamva Yosefe akukuwa m'khutu mwanga, njuchi zikuwomba nsalu ngati mchenga woponyedwa, ndi thupi la agogo likudzidzimuka pang'ono, kenako pang'ono, ngati munthu amene akudonthezeredwa madzi otentha pamsana. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Chinatipulumutsa ndi mvula. Madontho akuluakulu anayamba kugwa, phokoso lija linachepa, agogo anatinyamula tonse awiri monga tinalirimo n'kudutsa nafe m'chimanga mpaka kunyumba.

Amayi ndi amalume anafika akuthamanga, makasu atawataya kumunda. Yosefe zinamuluma pakhutu ndi patsaya, khutu litatupa ngati chitumbuwa, ndipo ankalira mosalekeza. Amayi anayamba kulira nawo, azimayi a m'mudzi anatizungulira, wina akuti pakani phulusa, wina akuti dothi la pachulu. Njinga pakhomopo inali imodzi, ya agogo.

"Tengani njinga. Thamangani naye mwanayo kuchipatala," anatero agogo.

Amalume anapalasa, amayi ali pakaliyala ndi mwana, mvula ikugwabe. A Naphiri anandikhazika pamkeka m'khitchini mwawo n'kuyamba kundichotsa mbola m'mutu, akunditukwana mwachikondi kuti ndinkafunako chiyani kumkuyu. Diso langa limodzi linali litatsekeka. Ndi linalo ndinkaona pakhomo pa agogo, kudutsa bwalo.

Anali atakhala pakhonde, atatsamira khoma chammbali, miyendo atatambasula. Panalibe munthu pafupi. Anthu onse anali kwa ife, kwa amene tinkalira. Ndinawayang'ana nthawi yaitali kudikira kuti akande penapake, athamangitse nkhuku imene inkajompha pafupi ndi phazi lawo, koma sanasunthe. Ndinawazemba a Naphiri n'kuwoloka bwalo.

Nkhope sinali yawo. Maso anali atakwiririka, milomo itatupa mpaka kupindika, ndipo khosi, mapewa ndi msana wonse zinali mbuu ndi mbola ngati wina wawawaza gaga. Pambali pawo panali masanzi. Mpweya unkatuluka ndi kaphokoso ngati ka ketulo ikayamba kuwira.

"Agogo."

Zii.

"Amuna anga."

Ndevu zinagwedezeka pang'ono. "Mwana uja?"

"Apita naye."

"Amalira?"

"Kwambiri."

"Basi ali bwino."

Ndinathamangira kukhitchini kuja. "A Naphiri, agogo sakupuma bwino."

A Naphiri anasuzumira pakhomo, n'kuwaona ali patali pomwepo. "Iwe, a Mbewe ndi njuchi anadziwana amako asanabadwe. Akupumula, asiye. Bwera kuno ndichotse inayi."

"Mawa muwaona ali mumtengo," anatero mayi wina. "Koma ulendo uno uchiwo atigawireko, eti? Tavutika nawo tonse."

Anaseka, kuseka kwa anthu amene mantha angowachoka. Sindikuwada ayi. Akanakhala munthu wina aliyense akanamuthamangira, koma awa anali a Mbewe.

Ndinabwerera pakhonde n'kuyamba kuchotsa mbola ndi chikhadabo monga ankachitira iwo. Ndinkachotsa apa, kuyang'ana apo n'kupeza kuti sindinayambe n'komwe. Khungu lawo linkatentha, kenako linayamba kuzizira ndi thukuta.

"Ndikaitane ndani, agogo?"

"Ukamasule nkhosa zinazo. Zanyowa."

Sindinapite. Ndinawaputa kuti amanunkha nkhosa, kuti apite ndithu kwa a Jafali ndikwatiwe ndi wina, ndevu sizinagwedezeke. Mutu wawo unayamba kupendekera paphewa.

Chimene ndinachita pamenepo sindinachiganizire. Ndinaima pakati pa bwalo, kuika manja kumutu monga ndinkaonera akuluakulu, n'kulira maliro. "Agogo ine! Agogo anga ine, mayo!" Ndinalira maliro munthu ali moyo. Mudzi wonse unatuluka, ena kuchokera kuminda, chifukwa kulira kumeneko palibe amakhala pansi akakumva. A Naphiri anafika poyamba n'kundimenya khofi.

"Malodza! Ukulirira ndani?"

Kenako anawaona pafupi, kumaso, ndipo dzanja limene anandimenya nalo linapita pakamwa pawo.

Azibambo anathamangira kukagwira ng'ombe. Akumanga goli, amalume anatulukira panjinga ali matope okhaokha, akumwetulira, akuti mwana amubaya jakisoni, wayamwa, amayi atsala naye kuti amuonerere. Kumwetulirako kunathera panjira. Panjinga agogo sakanatha kukhala, choncho anawagoneka m'ngolo pa matiresi a a Naphiri n'kuwafunditsa jekete lawo lija. Msewu unali phala lokhalokha ndi mvula ija, ndipo kamtsinje ka panjira kanali katadzaza. Ndinaima pamphambano mpaka ngolo inazimiririka, ndikumva amalume akukuwira ng'ombe, "Bantomu! Sitima! Tiye!"

Amalume Lufeyo ndi ng'ombe ankamveka asanaoneke. Akamachokera kogulitsa fodya kapena kotuta manyowa tinkadziwa ali kutsidya, n'kuyamba kuwatenthetsera madzi. Mawa lake masana ndinali pakhonde pa agogo pamene ndinamva magudumu a ngolo, magudumu okha. Amalume ankayenda kutsogolo kwa ng'ombe, chikwapu chili m'khwapa. Amayi anakhala m'ngolo atawerama, ndipo Yosefe anali pamiyendo pawo akulira mwamphamvu, khutu litayamba kale kuphwa. Anatiuza kuti kuchipatala agogo anafika akupumabe, koma ululu unali utalowerera kale.

Maliro atatha tinapeza ndowa ya uchi kuseri kwa chitseko, itavundikiridwa ndi mbale. Palibe anabwera ndi kapu. Inakhala pomwepo mpaka nyerere zinaipeza, amayi n'kukaikwirira kudzala. Ming'oma amalume anaigwetsa n'kuitentha. Nkhosa zotsala anadzatenga a Jafali, ndipo tsiku limenelo sanapapase mchira ngakhale umodzi, sananene kuti zawonda. Anangokhala kanthawi pakhonde paja, kenako n'kuzikusa.

Kwathu nkhani imeneyi aliyense ali ndi mbali yake. Amalume mpaka lero salawa uchi, amati anawapha ndi iwo pothandiza osafunsa. Amayi amati chinawapha n'kubisa kwawo komwe, kuti akanangonena mawu amodzi pachitseko. Yosefe sakumbukira kanthu. Pano ali pa kabaza pa Nsaru, ndipo pa siteji yonse palibe wolongolola ngati iye. Ndikamumva akukangana ndi anzake za pasinjala, mtima wanga umakhala m'malo.

Ine ndinatsala ndi khonde lija. Takondwa atabadwa sanalire msanga, anamwino mpaka anamusisita kumsana, ndipo kanthawi kameneko ndinali nditaimanso pabwalo paja manja ali kumutu. Kusikelo amati mwana ali bwino, akukwera, ndisadandaule. Ndimavomera, kuthokoza, kubwerera kunyumba. Loweruka lapitali ndinaima pakhomo la chipinda ndikuona ndi maso anga kachifuwa kake kakukwera n'kutsika, komabe ndinamutsina, ndipo ulendo uno panatsala chizindikiro. Madzulo bambo ake akusewera naye anagwira kaphaziko.

"Amayi a Takondwa, chamuluma n'chiyani apa?"

"Udzudzu," ndinatero, n'kutuluka kukaona ndiwo zimene zinali zitapsa kale.

Nditaima pambaula paja ndi pamene ndinaona kuti nanenso ndadzitsekera m'nyumba ndi ndowa yanga, ngati agogo. N'chifukwa chake ndalemba izi, ndipo bambo ake akaweruka ndiwapatsa awerenge, andiyese wamisala ngati akufuna.

Pamene ndikulemba pano Takondwa wagona. Ndalowa kale kumene wagonako, ndinagwada pambali pa bedi, ndinamuyang'ana kumaso mpaka kuona kamlomo kake kakuyamwa m'tulo, ndipo manja ndinawapana m'khwapa. Agogo sananene kuti uitsine. Anati ukaiyang'ane kumaso. Ndatuluka osamugwira, koma m'nyumba muno muli zii, ndipo khutu langa lili kuchipinda.

Inu amene munalera ana mpaka kukula, tandiuzani, kodi ndachita bwino kumusiya agone?